Mwa Mauthenga 100, Amafika Angati?

 Lero tikambirane za tizipangizo tating'ono timene tayamba kuoneka pa milatho, m'madimba ndi pa mapolo a magetsi, timene timatumiza uthenga popanda waya, popandanso munthu wotidina. Chimene ndikufuna tiunikire limodzi ndi ichi: munthu angadziwiretu bwanji kuti uthenga wa kachipangizo kotere udzafika pa tsiku limene tidzaufunitsitse?

Amene simunakaonepo, kamakhala kabokosi kokwana m'manja awiri, komangiriridwa pa chitsulo m'mbali mwa mtsinje kapena pa mlatho. Pamwamba pake pali kasola, m'kati muli batire ndi kawailesi kotumizira, kunja kwatulukira kaeriyo. Diso lake limayang'ana pansi, kuyeza mtunda wochokera pomwe kali kufika pamadzi. Madzi akakwera, mtundawo umachepa, kabokosi n'kutumiza nambala. Ntchito yake ndi yomweyo basi, usana ndi usiku, chaka chathunthu.

Kuno ku Dedza zimenezi si zakutali. Mu Julayi 2020 mudzi wa Mthembanji unayatsa magetsi a dzuwa a makilowati 12, ntchito imene inagwiridwa ndi bungwe la United Purpose pamodzi ndi yunivesite ya Strathclyde, ndi thandizo la boma la Scotland. Makasitomala oyambirira analipo pafupifupi 60, ndipo mamita awo ndi aja amakono. Palibe woyenda khomo ndi khomo ndi kope kulemba manambala. Mita imanena yokha magetsi amene agwiritsidwa ntchito, uthengawo n'kukafika kwa oyang'anira ali kutali. Komanso pa ntchito ya M-CLIMES, imene boma linayendetsa kudzera ku DoDMA mothandizidwa ndi UNDP, Dedza linali limodzi mwa maboma 8 amene mitsinje yake inaikidwa zipangizo zochenjeza anthu madzi akayamba kukwera.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lathu imafika mamita 2,198. Nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Mvula ikakhuthuka kumtunda usiku, madzi sachedwa m'matsitso, ndipo mitsinje ngati Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi imakafika kudambo itakwiya. Munthu wa kumunsi ku Mtakataka angathe kugona kumwamba kuli nyenyezi, n'kudzidzimuka madzi ali pa mphasa. Kwa iyeyo, uthenga wofika ola limodzi madzi asanafike ndiwo nthawi yodzutsa ana, kumasula mbuzi ndi kunyamula thumba la ufa.

Tsono ku mtsinje kulibe ESCOM. Kabokosi kayenera kudya pang'ono kwambiri kuti batire likhalitse, ndipo apa m'pamene pagona vuto lonse. Foni yanu ikamavutika kupeza netiweki imatha kutulutsa mphamvu yofika mawati 2. Kawailesi ka mtundu wotchedwa LoRa, kamene kafala kwambiri pa ntchito zotere, nthawi zambiri kamatulutsa mamiliwati 25 okha, kuchepa ka 80 poyerekeza ndi foni ija. Luso limeneli linayambira ku Grenoble, ku France, ndipo kampani ya Semtech inaligula mu 2012. M'maiko a ku Ulaya ndi ambiri a mu Africa limayenda pa mafunde a 868 MHz. Silinyamula chithunzi kapena mawu, limanyamula timanambala tochepa tosadzaza ngakhale SMS imodzi. Zipangizo zina zili ndi simukhadi yawoyawo. Zina zimatumiza kaye ku bokosi lalikulu lolandirira limene laikidwa pamalo okwera, ilo n'kupititsa uthengawo pa netiweki ya mafoni.

Akatswiri sangayende dera lonse kuyesa chigwa chilichonse asanayambe ntchito, choncho amayamba ndi masamu. Amauza kompyuta pomwe cholandirira chidzakhale, kutalika kwa mlongoti, mphamvu ya kawailesi, kompyuta n'kujambula mapu: kobiriwira kumene uthenga udzafike, kofiira kumene sudzafike. Ndi ntchito yabwino, ndipo popanda iyo tikanamangotaya ndalama mwachimbulimbuli. Mapu otere ndi amene amaonetsedwa pa misonkhano, anthu n'kugwedeza mitu. Koma ndi ochepa amene amafunsa kumene masamu a m'katimo anachokera.

Ena mwa masamu otchuka kwambiri anachokera ku Japan. Yoshihisa Okumura ndi anzake anayenda ndi zoyezera mu mzinda wa Tokyo ndi madera ozungulira, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1968. Mu 1980 Masaharu Hata anasandutsa zoyezazo kukhala masamu osavuta kuwerengera. Masamu a Hata amayembekezera kuti mlongoti ndi wautali mamita 30 mpaka 200, ndipo mtunda ndi wa kilomita imodzi mpaka 20. Ife cholandirira chathu mwina chili pa denga la sukulu, kabokosi kathu kali pansi m'chigwembe, pakati pawo pali thanthwe. Alipo masamu ena, a Anita Longley ndi Phil Rice a ku America, a mu 1968 momwemo, amene amaganizira zitunda ndi zigwa, ndipo amenewa ndiwo oyenerera dziko ngati lathu. Komabe nawonso amadalira mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, amene ambiri anajambulidwa kuchokera mumlengalenga m'chaka cha 2000. Mapu amenewo sadziwa kuti mapaini a m'mbali mwa phiri anadulidwa chaka chatha, kapena kuti bulugama amene anali wofika m'chiuno pano waposa denga.

Pali china chimene chimadabwitsa ngakhale amisiri. Kuona mlongoti ndi maso sikokwanira. Mafunde a wailesi sayenda m'kanjira kopyapyala, amafuna mpata m'mbali monse, ndipo mpatawo umakula kwambiri pakati pa ulendo. Pa mtunda wa makilomita 5, pa mafunde a 868 MHz, mpata umenewu umafika mamita pafupifupi 20 pansi pa mzere wa maso anu. Kachitunda kapena mzere wa mitengo ukalowa kwambiri mu mpatawo, mphamvu imachepa ngakhale inu mukuuona mlongotiwo bwinobwino. N'chifukwa chake kawailesi komweka ka mamiliwati 25, katakwezedwa pa baluni ku Ulaya mu 2020, uthenga wake unamveka pa mtunda wa makilomita 832, kuposa ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kubwerera. Kumwambako kulibe chotchinga. Katsitseni m'chigwa cha kuseri kwa phiri la Chongoni, mwina kalephera kufika pa mudzi woyandikana nawo. Wogulitsa akakuuzani kuti chipangizo chake chimafika makilomita 15, sakunama, koma mufunseni kuti anayesera pati.

Ndiye pali chimanga. Madzi amene ali m'masamba amamwa mphamvu ya mafunde. Munda umene mu Novembala unali mbee, pofika Febuluwale chimanga chapitirira munthu, masamba ali chinyontho. Kabokosi koyeza chinyezi m'dimba, kamene kanayesedwa m'chilimwe n'kupezeka kali bwino, kangathe kusowa mawu dzinja lili pakati. A Malawi anzathu anayamba kale kuzifufuza izi. Cha m'ma 2012, a Million Mafuta ndi anzawo a ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, mogwirizana ndi akatswiri akunja, anaika tizipangizo totere m'munda wa chimanga ku Manja mu mzinda wa Blantyre. Tinkayeza chinyezi ndi kutentha kwa nthaka, n'kumatsegula madzi a mthirira, tikudalira sola ndi mabatire. Iwo ankayezanso mphamvu ya mafunde pakati pa tizipangizoto ndi mmene mabatire akuyendera, ndipo polemba lipoti lawo sanabise zofooka zimene anazipeza. Ine ndimailemekeza ntchito imeneyi chifukwa cha kusabisa komweko. Lipoti longonena kuti zonse zinayenda bwino silithandiza amene akubwera pambuyo.

Tiyeni tichoke pa mtunda, tione za kuchulukana. Minibasi ikaima pa Bembeke, ogulitsa amathamangira pa windo onse nthawi imodzi, wa kachewere, wa kabichi, wa tomato, aliyense kutchula mtengo wake. Wokwera ali m'katimo amangomva phokoso, mtengo ngakhale umodzi osaugwira. Tizipangizo tambiri timachita chimodzimodzi. Pofuna kusunga batire, sitiyamba tamvetsera ngati kena kakulankhula. Kakadzuka kamangotumiza, n'kugonanso. Tiwiri tikatumiza nthawi imodzi pa mafunde amodzi, mauthenga amawombana, ndipo wina kapena onse awiri amatayika. Njira imeneyi inayambira ku yunivesite ya Hawaii cha m'ma 1971, pansi pa Norman Abramson, ndipo imatchedwa ALOHA. Masamu ake amasonyeza chinthu chowawa: pa nthawi yonse imene njira ili nayo, yoposa magawo 18 pa 100 siingagwire ntchito yonyamula mauthenga ofika bwino. Mukapitiriza kuwonjezera otumiza, ofika sachuluka, amayamba kuchepa.

Kabokosi kakakhala kutali, kamatumiza mwapang'onopang'ono kuti kamveke. LoRa ili ndi masitepe kuyambira 7 mpaka 12, ndipo sitepe iliyonse imatalikitsa nthawi yotumizira pafupifupi kawiri. Kauthenga kamene pa 7 kamatha m'kuphethira kwa diso, pa 12 kamapitirira sekondi yathunthu. Ndiye kuti kabokosi ka kuchigwembe kwenikweni, kamene n'kovuta kukafikako kukakonza, ndi komwe kamadya batire kwambiri, ndi komwenso mauthenga ake amakhala nthawi yaitali panjira n'kumawombana ndi ena.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhalitsa pano madzulo ano. Nthawi zambiri tikafunsa ngati zipangizo zikugwira ntchito, timayankhidwa ndi nambala imodzi: mwa mauthenga 100, amafika 95. Ndi nambala yosangalatsa. Koma otayika 5 aja anatayika liti?

Ngati amatayika apo ndi apo, lero umodzi, sabata yamawa wina, palibe chodetsa nkhawa. Mankhwala ake ndi kubwereza. Tiyerekeze kuti uthenga umodzi mwa 10 umatayika mwangozi. Mukautumiza katatu, mwayi woti onse atatu atayike ndi umodzi pa 1,000. Masamu amenewa ndi oona pokhapokha ngati kutayika kwa woyamba sikukukhudzana ndi kutayika kwa wachiwiri. Mu 1960 Edgar Gilbert wa ku Bell Labs ku America analemba masamu a njira yotumizira mauthenga imene zolakwika zake zimabwera mounjikana. Iye anati tiziona njirayo ngati ili ndi nyengo ziwiri, yabwino ndi yoipa. M'nyengo yabwino pafupifupi zonse zimadutsa. Ikalowa m'nyengo yoipa, imakhalitsamo, ndipo mukabwereza katatu motsatizana, katatu konseko mwagwera m'dzenje limodzi. Funso lenileni likhala lakuti nyengo yoipayo imabwera kangati, imatha nthawi yaitali bwanji, ndipo imayambitsidwa ndi chiyani.

Kwa ife a ku Dedza yankho la funso lomalizali ndi lodetsa nkhawa, chifukwa zimene zimalowetsa kabokosi m'nyengo yoipa ndi zomwezo zimene zimadzaza mtsinje. Madontho a mvula paokha sasokoneza kwenikweni mafunde a 868 MHz. Chosokoneza ndi zimene mvula imabwera nazo. Mvumbi ukagwa masiku anayi dzuwa osatuluka, kasola sikatchaja, batire limatsika, ndipo kuzizira kwa kumtunda kuno kumalifooketsanso. Masamba onse anyowa. Madzi alowa pa kabowo kamene nyerere zinaboola pa rabala, n'kufika polumikizira eriyo. Mphenzi yagunda mlongoti wa pamalo okwera paja, pakuti malo abwino kulandirira mafunde ndi abwinonso kulandirira mphenzi. Ndipo pa usiku womwewo tizipangizo tonse ta m'chigwacho, timene masiku ena timatumiza kamodzi pa ola, taona madzi akukwera ndipo tonse tikutumiza mobwerezabwereza nthawi imodzi. Choncho n'zotheka ndithu kuti chaka chonse mauthenga 95 pa 100 afike, koma 5 otayikawo akhale onse a usiku umodzi umene zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Kumbukiraninso kuti uthenga sudumpha kamodzi. Umachoka pa diso loyeza madzi, kupita pa kawailesi, kufika pa cholandirira, kulowa mu netiweki ya mafoni, kukafika pa kompyuta ina kutali, kenako n'kubwerera ngati SMS pa foni ya wapampando wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Tingoyerekeza kuti pali malo 4 olumikizira, ndipo paliponse pamadutsa mauthenga 95 pa 100. Mukawerengera pamodzi, ofika kumapeto ndi 81 okha. Aliyense wa akatswiri anayiwo anganene moona mtima kuti gawo lake lili bwino, koma munthu wa kudambo uja umodzi mwa mauthenga asanu sunamufike. Ndipo magawo amenewa sagwa paokhapaokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Nsanja za mafoni zimadalira magetsi omwewo. Akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo mlatho ukakokoloka dizilo safika. Foni ya wapampando nayo imafuna kutchaja. Masamu amene amawerengera mafunde okha, osawerengera foni yozima ili pansi pa pilo, sanamalize ntchito.

Ndisamveke ngati ndikunyoza zipangizozi kapena masamuwa. Ndikuzifuna, ndipo ndikufuna zichuluke: pa mitsinje, pa mijigo, pa sikimu ya Bwanje, m'madimba a kachewere. Pempho langa ndi lakuti masamu akajambula mapu, wina atenge kabokosi m'chikwama akaponde pamalopo. Si ntchito yofuna ndalama zankhaninkhani. Wophunzira mmodzi akhala pa cholandirira ndi laputopu, mnzake akwera kabaza, akuima pa mlatho uliwonse, pa sukulu, pa chigayo, kuseri kwa chitunda, akutumiza mauthenga 50 pamalo alionse n'kulemba amene afika ndi mphamvu imene afika nayo. Akatero abwerenso mu Febuluwale, matope ali m'mawondo, adzaime pamalo omwewo. Manambala awiriwo akawaika mu masamu aja, amawakonza kuti agwirizane ndi nthaka yathu, ndipo mapu achiwiri amakhala a Dedza weniweni. Ana otha kuchita zimenezi tili nawo ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA, ku Mzuni ndi ku LUANAR. Dziko lino linachitapo kale zofanana nazo: mu 2013 a Chomora Mikeka ndi anzawo a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anayesa kutumiza intaneti pa mafunde a wailesi yakanema amene sankagwiritsidwa ntchito ku Zomba, ndipo anachita kuyeza okha pamalopo. Zoyeza zotere zikasungidwa poyera, bungwe lobwera mawa silidzayambanso pachiyambi.

Kwa inu makhansala, mafumu, ndi a makomiti a chitukuko a m'madera, ntchito yotere ikabwera kwanu muli ndi ufulu wofunsa, ndipo simufunika digiri kuti mufunse. Mukauzidwa kuti amafika 95 pa 100, funsani kuti nthawi yaitali kwambiri imene kabokosi kanakhala chete inali maola angati, ndipo unali mwezi uti. Funsani kuti batire lingapirire masiku angati dzuwa litabisala. Netiweki ya mafoni ikagwa, kodi pali njira ina yoti mudzi wa kumtunda uchenjeze wa kumunsi, kaya ndi belu lolira pompo, chimkuzamawu kapena ng'oma? Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwa kuti wapeza anthu oti asamalire chipangizocho iye akachoka.

Chomaliza n'chokhudza kukhala chete. Foni ikapanda kulira usiku wa mvula, pali zinthu ziwiri zimene zingakhale zachitika: mtsinje uli bwino, kapena kabokosi kafa. Kwa munthu wogona m'nyumba ziwirizi sizisiyana, ndipo amene anazolowera kudalira foni amagona tulo tofa nato kuposa amene sanalonjezedwepo kanthu. Njira yake ilipo ndipo ndi yotchipa. Kabokosi kazitumiza kauthenga kakang'ono pa nthawi yoikika, kaya madzi akwera kaya ayi, kongosonyeza kuti kali moyo ndi mmene batire lilili. Mauthenga otere akaphonya kangapo motsatizana, kompyuta iuze anthu kuti chipangizo cha pa mlatho wakuti chasiya kulankhula, ayang'anire mtsinje ndi maso awo. Pakhalenso munthu wodziwika ndi dzina, wokhala pafupi, amene waphunzitsidwa kupukuta kasola, kuumitsa polumikizira ndi kusintha batire, ndipo batire lapadera likhale ku ofesi ya dera, osati ku Lilongwe. Ndalama ya kabaza ya munthu ameneyu ilembedwe mu bajeti ya khonsolo kuyambira chaka choyamba, ntchito ya bungwe isanathe.